Tsitsi la a Zingalume

Mu ufumu wathu wa Zikomobwana, dazi silinali chinthu chodandaulitsa munthu. Mwamuna akayamba kuyera pamutu, akuchikazi ankayamba kumupatsa mpando wabwino, ndipo pamaliro ankafunsidwa maganizo ngakhale asakudziwa amene wamwalira. Tinkakhulupirira kuti tsitsi limachoka pofuna kupereka malo kwa chuma. Chumacho nthawi zambiri sichinkafika, koma ulemu wokhawo unkatikwanira.

Mwa adazi onse a mu likulu lathu la Tikulandirani, odziwika kwambiri anali a Zingalume, osoka nsapato pa Msika wa Ndingoona. Dazi lawo linayambira pamphumi mpaka kunkhongo, losalala bwino. Anakhala pansi pa mkuyu umodzimodzi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, moti polondolera mlendo njira tinkangoti, "Mukafika pa dazi mukhotere kumanzere." Akazi awo, a Nangozo, ankagulitsa tomato ndi anyezi pa benchi loyandikana nawo. Iwo ankati safunikira kuyang'ana kumwamba kuti adziwe ngati kukubwera mvula, mitambo imaoneka bwinobwino pamutu pa amuna awo.

Chaka china kunabwera kampani ya kutsidya kwa nyanja zamchere. Dzina lake linali lovuta pakamwa, ndiye ife tinkangoti Bulaitimowa. Ambiri tinaganiza kuti ndi ya mowa ndipo tinakondwera. Koma inali yogulitsa mafuta omeretsa tsitsi, ya nthambi m'maiko makumi anayi, ndipo inali itamva kuti kuno kuli mitu yambiri yongokhala.

Inatumiza a Kasiteni, bambo wamtali, waulemu, wofiira ndi dzuwa. Mawu a chinenero chathu amene anaphunzira m'ndege anali amodzi okha, "zikomo", ndipo kwa miyezi itatu sanasowe ena.

A Kasiteni anayamba ndi kafukufuku. Anthu awo anayenda ndi mapepala m'misika ndi m'matchalitchi. Atatifunsa ngati tikufuna tsitsi, tinati inde. Atatifunsa ngati dazi timalikonda, tinati inde. Atatifunsa ngati tingagule mafuta amene sitinawaonepo, tinati inde, ndipo tinawathokoza chifukwa chofunsa. Kwathu kuno mlendo wonyamula pepala sakanizidwa kanthu. Kenako anagawa mabotolo aulere. Patatha mwezi anapeza kuti matcheni a njinga mu likulu lonse akuyenda mwakachetechete, zitseko zasiya kulira, koma palibe mutu umodzi wodzola.

A Kasiteni sanali opusa. Anapita kwa a Lowanimo, Nduna ya Zamalonda ndi Kulandira Alendo, amene ankawamasuliranso mawu, nati, "Vuto la dziko lanu ndi lakuti anthu sakudziwa kuti akuvutika."

A Lowanimo anaona kuti amenewa ndi mawu akuya, ndipo anaitanitsa bwalo la nduna.

Mfumu yathu inali Ndavomera Wachitatu, imene palibe anaionapo itavula chisoti chachifumu. A Lowanimo analankhula maola awiri. Anati maiko otukuka anasiya kale dazi, ndipo ife tatsalira ndi zaka makumi asanu. Anati kampaniyo ndi bwenzi lenileni. Imanga chipata chachikulu polowera mu likulu, cholembedwa dzina la Mwini Dziko. Ipereka chikho cha mpira. Nduna iliyonse ilandira ambulera. Chimene ikupempha ndi chochepa, kuti isakhome msonkho zaka khumi, komanso kuti boma liunikenso bwino nkhani ya dazi.

Nduna ya Zamadambo, nkhalamba imene inali itaiwalika pampando wake, inakweza dzanja.

"Pepani, Mwini Dziko, ndingofunsa. Kodi dazi linaphapo ndani?"

A Lowanimo anamasulira funsolo, a Kasiteni anayankha mofatsa, ndipo yankho linabwerera motere: "Akuti limapha chimwemwe, pang'onopang'ono, mwini wake osadziwa."

Nduna zisanu ndi ziwiri zadazi zinayang'ana pansi. Mfumu inagwira chisoti chake ngati ikuchikonza, kenako inavomera. Tsiku lomwelo kunatuluka lamulo lakuti dazi ndi matenda, ndipo kuyambira pamenepo lizitchedwa Kuperewera kwa Tsitsi.

Zotsalazo inachita ndi wailesi. Masana aliwonse kunkaulutsidwa sewero la bambo wadazi amene akazi ankamukana, abwana ankamuchotsa ntchito, ngakhale mbuzi zinkamuseka. Linali sewero lokoma, ndipo adazi ankaseka nawo mpaka pamene anazindikira kuti m'nyumba monse akuyang'ana iwo. Panabweranso kanyimbo kamene ana asukulu anakagwira tsiku limodzi. Miyezi itatu isanathe, ulemu umene makolo athu anausunga zaka mazana unali utatha. Akuchikazi anabweza mipando yawo. Ogulitsa zipewa anakweza mapewa.

Panatsala chinthu chimodzi. Lamulo la kampaniyo linali lakuti m'dziko lililonse mafuta akhale ndi dzina la komweko ndi nkhope ya komweko. Dzina linapezeka msanga, Meramera. Nkhope a Kasiteni anaipeza Lachinayi lina akudutsa pansi pa mkuyu. Anaima, nayang'ana mutu wa a Zingalume mmene mlimi amayang'anira dambo losalimidwa.

Mawa lake anabwera ndi a Lowanimo, wojambula zithunzi, ndi pepala la masamba asanu ndi atatu.

"A Zingalume, mwayi wakugwerani," anatero a Lowanimo. "Dziko lonse likudziwani. Mungodinda chala apa."

"Pepalalo likuti chiyani, bwana?" anafunsa a Nangozo ali pa benchi lawo.

"Likuti zikomo, mayi. Mwachidule."

"Masamba onsewo?"

"Amayi a Lute, anthuwa achokera kutali," anatero a Zingalume motsitsa mawu. "Tisawachititse manyazi."

Anadinda. Analandira chipewa chofiira cholembedwa Meramera, malaya ofiira, ndi ambulera yofanana ndi ya nduna. A Lowanimo anawafotokozera mfundo imodzi yokha ya m'pepalamo, yakuti chipewacho asamachivule pagulu mpaka kampani itanena. Wojambula anawatola kawiri. Koyamba anawauza kuti aganize za munthu amene anamwalira. Kachiwiri anawauza kuti aganize za nyama.

Chikwangwani chinaimikidwa pakhomo pa msika, chachitali kuposa mkuyu. Mfumu inabwera yokha kudzachivundukula, bandi ya apolisi ikuimba, amayi akuvina. Nsalu itagwa tinaona a Zingalume awiri. Akumanzere anali amene timawadziwa, adazi, ankhope yamaliro. Akumanja anali ndi tsitsi lakuda bii, lothithikana, mano ochuluka kuposa amene anali nawo, ndipo paphewa pawo panatsamira mtsikana wamaso akuluakulu.

A Nangozo anayang'ana nthawi yaitali.

"Abambo a Lute, mkaziyo ndani?"

"Sindinamuonepo chibadwire."

"Nanga tsitsilo munalionapo?"

A Zingalume anali akumwetulira chithunzi chawo.

Apa ndiyenera kunena zoona za ife. A Zingalume tinkawadziwa. Ankakhala mapazi makumi awiri kuchokera pa chikwangwanicho, ndipo m'mbali mwa chipewa chawo simunkatuluka ngakhale katsitsi kamodzi. Komabe tinagula. Tinaima pamizere, tinakankhana, ena anakomoka. Tinkati kampani yaikulu chotero, ya maiko makumi anayi, singawononge utoto wonsewo pa bodza. Wina akawafunsa kuti, "Zikuyenda bwanji m'chipewamo, achimwene?" iwo ankati, "Pang'onopang'ono," ndipo wofunsayo ankathamanga kukagula botolo lachiwiri.

Miyezi yoyamba a Zingalume anasangalala. Ankaitanidwa ku maukwati a anthu osawadziwa. M'minibasi ankapatsidwa mpando wakutsogolo. Iwonso anayamba kudzola Meramera m'mawa uliwonse, chifukwa munthu ukamaona tsiku ndi tsiku chithunzi chako chili ndi tsitsi, umayamba kuganiza kuti wochedwa ndiwe.

Kenako unafika mwezi wa Okutobala. Mafutawo anapangidwira maiko ozizira, ndipo padzuwa lathu ankatentha pamutu ngati a m'chiwaya. Mitu inayamba kuyabwa, kenako inatuluka matuza. Koma poti aliyense anali m'chipewa, aliyense ankaganiza kuti ndi iye yekha amene akudzola molakwika. Amuna akuluakulu ankapatsana moni misozi ili m'maso, n'kumayamikira mafutawo.

Zinaululika pa Tsiku la Ufumu, pamene Mwini Dziko sanatuluke kudzaonerera perete. Wailesi inati akusinkhasinkha za chitukuko. Koma ochapa zovala kunyumba yachifumu ali ndi abale kumsika, ndipo pofika masana tonse tinali titadziwa kuti chisoti chikukana kukhala pamutu.

Asilikali anatumizidwa ku ofesi ya Bulaitimowa. Anapeza loko pachitseko. A Kasiteni anali atakwezedwa pantchito chifukwa cha zimene anachita kwathu, ndipo anali ku ufumu woyandikana nawo wa Bweraninso. Nambala ya foni ya pabotolo inkayankhidwa ndi mawu ojambulidwa a mayi wina, amene ankathokoza chifukwa cha kudekha kwathu, n'kuika nyimbo. Mphunzitsi wina atawerenga timalemba tapansi pa botolo ndi galasi lokulitsa, anapeza kuti timati mafutawa asagwiritsidwe ntchito padzuwa, ndipo odandaula alembere ku bokosi la positi pa chilumba china chimene pa mapu athu panalibe.

Mu ufumu wonse munatsala munthu mmodzi yekha wa Meramera amene tinkadziwa pamene amakhala.

Mlandu unazengedwa m'bwalo lalikulu, anthu atadzaza mpaka m'mawindo. Mfumu inakhala kuseri kwa nsalu. A Lowanimo, atavala chipewa chachikulu chaubweya ngakhale kunkatentha, ndiwo ankafunsa.

"A Zingalume, nkhope ili pachikwangwani ndi yanu?"

"Yakumanzere ndi yanga, bwana. Yakumanja timangofanana."

"Vulani chipewa."

"Pepani bwana, munandiuza nokha kuti ndisavule mpaka kampani itanena."

Izi zinavuta. Nduna zinakambirana ola lathunthu ngati bwalo la Mfumu lili ndi mphamvu zoposa pepala la kampani, ndipo zinagawanika pakati. Pomaliza kuseri kwa nsalu kunamveka mawu otopa. "Avule basi."

A Zingalume anavula. Dazi linali pomwepo, lonse, kungoti tsopano linali ndi matuza ndi nkhanambo. Bwalo lonse linadzuma ngati laona chinthu chachilendo.

A Nangozo anaimirira osapatsidwa mwayi.

"Mwini Dziko, ndikhululukireni. Mutu uwu muno mulibe amene sakuudziwa. A Lowanimo omwewa akhala akuuyang'ana kuchokera pamwamba zaka zonsezi, amuna anga akuwapukutira nsapato. Lero mukudabwa chiyani? Amene anajambula tsitsi lija si amuna anga. Iwowa ngakhale dzina lawo salemba."

Ambiri tinagwirizana nawo mumtima, ndipo tinayang'ana kudenga.

A Lowanimo anapita kuseri kwa nsalu, nabwerako ndi chigamulo. Anachiwerenga pang'onopang'ono.

"Chikwangwani chinavundukulidwa ndi dzanja la Mwini Dziko. Dzanja la Mwini Dziko silingavundukule bodza. Choncho chithunzi chikunena zoona. Ngati chithunzi ndi mutu zikusiyana, wonama ndi mutu. Bwalo likulamula kuti pasanathe masiku makumi atatu a Zingalume afanane ndi chithunzi chawo. Akalephera, malo awo a pamsika alandidwe, ndipo iwo aperekezedwe kumalire."

Tinaomba m'manja. Tinazolowera kuti chigamulo chikawerengedwa timaomba m'manja.

Sabata yoyamba a Zingalume sanagwire ntchito. Ankangokhala pakhonde, nsanza yonyowa ili pamutu. Anabadwira mu Tikulandirani, makolo awo anagona kumanda a kuseri kwa msika, ndipo kumalire anali asanafikeko. Chimene chinkawapweteka kwambiri sichinali matuza. Anthu amene anawasokera nsapato zaukwati, kenako za ana awo, tsopano ankawoloka msewu akawaona.

"Ndikanakumverani tsiku lija, amayi a Lute," anatero tsiku lina.

"Mukanandimvera akanapeza wadazi wina, ndipo inu mukanakhala pamzere kugula nawo," anayankha a Nangozo. "Dzukani. Kulira sikumeretsa tsitsi. Kukanakhala kuti kumameretsa, bwenzi dziko lonse lino tikumangira maliboni."

Anadzuka, napita kophera ng'ombe kukafuna zikopa monga ankachitira kale, kuti manja apeze chochita. Kumeneko anaona michira ya ng'ombe itaunjikidwa pakona, yoti ikatayidwe. Anatola umodzi, naupukusa m'manja, naima nthawi yaitali. Anabwerera kunyumba ndi thumba lodzaza.

Anasoka masabata atatu. Anatenga chikopa chofewa cha mbuzi, nachiumba pa chipanda chofanana ndi mutu wawo. Ubweya wa kumchira ankaulowetsa pang'onopang'ono ndi singano ya nsapato, a Nangozo akuupesa ndi kuudetsa ndi polishi. Masana aliwonse a Nangozo ankapita kukaima pansi pa chikwangwani, n'kubwera kudzanena kuti kumanzere kukuchepa, kapena kuti mzere wapakati wapendama.

Tsiku la makumi atatu a Zingalume analowa m'bwalo ali ndi tsitsi lakuda bii. Nduna zinayeza ndi chingwe, kuyambira pamphumi mpaka pamwamba, n'kuyerekeza ndi chithunzi. Zinagwirizana. Nduna ya Zamadambo inati kafungo kakumveka ngati ka kukhola, koma inauzidwa kuti fungo silili m'chigamulo. Nduna ina inakumbutsa kuti pachithunzi palinso mtsikana wotsamira paphewa. A Nangozo anaitembenukira, ndipo nduna ija inati inangotchula chabe.

Madzulo ake wailesi inalengeza kuti zatsimikizika kuti Meramera amagwira ntchito, koma boma lawaimitsa chifukwa ndi amphamvu kwambiri kwa anthu wamba.

Patangopita masiku awiri, a Lowanimo anafika pansi pa mkuyu atanyamula nsapato yatsopano, yopanda vuto lililonse.

"Yandithina pang'ono," anatero mokweza. Kenako anawerama. "Chija mwavalachi, mungasoke china? Si cha ine. Ndi cha mbale wanga wina. Mutu wake ndi wofanana ndi wangawu."

A Zingalume anatenga chingwe nayeza mutu wa mbaleyo pa a Lowanimo.

Sabata imeneyo nduna zisanu ndi ziwiri zinathinidwa nsapato. Kenako kunyumba yachifumu kunachokera chingwe chomangidwa mfundo ziwiri, popanda kalata, ndipo Loweruka lotsatira Mwini Dziko anaonekera pakhonde, tsitsi likutuluka m'mbali mwa chisoti. Pambuyo pa nduna panabwera akalaliki, aphunzitsi, abusa, ndi ife tonse amene mitu yathu inali ndi zipsera zofuna kubisa. A Nangozo anasiya tomato. Banjalo linafolera nyumba ndi malata. Ng'ombe za m'midzi yozungulira likulu zinayamba kudzuka zopanda ubweya kumchira, ndipo ntchentche zinanenepa. Kwa chaka chimodzi, ufumu wa Zikomobwana unali ndi chinthu chopangidwa ndi manja athu chimene aliyense ankachifuna.

Chaka chitatha a Kasiteni anabweranso. Analandiridwa pa chipata chimene kampani yawo inamanga theka. Anapepesa kwambiri za matuza, nafotokoza kuti zimenezo zinali za nthambi ina ya kampani, imene tsopano inasintha dzina. Bwalo linawathokoza chifukwa cha kudzichepetsa kwawo. Kenako anapita pansi pa mkuyu, nagwira chanza a Zingalume ndi manja awiri, nagula wigi imodzi. Anaitembenuza, nayang'ana kasokedwe kake, naijambula mbali zonse.

"Abambo a Lute, munthu uyu akayamikira chinthu, ine ndimadziwa kuti kukubwera mavuto," anatero a Nangozo iwo atachoka.

Miyezi isanu ndi umodzi pambuyo pake, mathiraki analowa ndi makatoni. M'katoni iliyonse munali timabokosi tonyezimira, ndipo m'kabokosi kalikonse munali wigi yapulasitiki, yopangidwa kutsidya kwa nyanja. Pamwamba panali nkhope ya a Zingalume ndi mawu akuti Zingalume Weniweni, Chenjerani ndi Zachinyengo. A Zingalume atapita kukadandaula, a Lowanimo anawaonetsa tsamba lachisanu ndi chiwiri la pepala lija, pamene panati dzina ndi nkhope yawo ndi za kampani, m'dziko lino ndi m'maiko onse, mpaka kalekale. Anawalangiza mwachikondi kuti asiye kugwiritsa ntchito dzina la eni ake pa malonda awo.

Ndipo ife tinagula za m'bokosi. Zinkatentha, zinkayabwa, mvula ikagwa zinkatsetsereka. Koma zinali ndi bokosi. Ndinamva ndi makutu anga bambo wina atanyamula wigi ya pansi pa mkuyu, akuiyang'ana mokayika.

"Iyi ndi Zingalume yeniyeni?"

"Zingalume ndine, achimwene. Ndasoka ndi manja awa."

"Ayi, ndikunena yeniyeni. Ya kunja."

A Zingalume anabwerera ku nsapato, a Nangozo ku tomato. Sanasauke, chifukwa mawigi a m'bokosi amasosoka pakatha miyezi iwiri, ndipo mu ufumu wonse wodziwa kuwakonza ndi mmodzi.

Inenso yanga inasosoka mwezi wathawu, cha kunkhongo. Ndinaikulunga m'nyuzipepala n'kupita nayo pansi pa mkuyu. A Zingalume anaitembenuza, naikoka pang'ono, tsitsi lina n'kutsalira m'manja mwawo. Sananene chilichonse chonyoza.

"Ndisoka, achimwene. Koma ndineneretu, ulusi wanga ndi wa konkuno."

Ndinaganiza kanthawi, kenako ndinawapempha kuti ausokere mkati, kuti usamaoneke.